Pulogalamu yoletsa mowa ndi chamba: mudziwa bwanji kuti yathandiza?

Malipoti ambiri a mabungwe amangonena kuchuluka kwa achinyamata amene anabwera ku misonkhano. Chiwerengero chimenecho sichitiuza ngati wina wachepetsa kumwa.

Yambani ndi kafukufuku ntchito isanayambe, ndipo mudzabwereze mafunso omwewo mwezi womwewo chaka chamawa. Mukafunsa koyamba pakati pa temu, kachiwiri Khirisimasi itangotha, zotsatira zidzakunamizani. Funso likhale la nthawi yodziwika: "Pa masiku 30 apitawa, wamwa mowa masiku angati?" Osalembetsa mayina, ndipo mphunzitsi asatolere mapepala, chifukwa ana amabisa. Ikaninso dzina la mankhwala ozunguza bongo omwe kulibe. Wonena kuti anawamwapo, mayankho ake muwapatule. Kafukufuku wa ESPAD m'sukulu za ku Ulaya amachita zimenezi. Kwa akuluakulu pali AUDIT, mndandanda woyezera kamwedwe ka mowa wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO: mafunso 10, ndipo mapointi 8 kapena kuposa ndi chizindikiro cha kumwa koopsa.

Chimene ambiri amachizemba, poti chimadya ndalama, ndi dera lofananitsira, komwe pulogalamu sinafike. Popanda ilo simungadziwe ngati kumwa kwatsika chifukwa cha inu kapena chifukwa mowa wakwera mtengo. Tsatiraninso ana osiya sukulu, pakuti amene amamwa kwambiri ndiwo amasowa pa kafukufuku wachiwiri, manambala n'kuoneka okoma.

Ku Iceland, komwe amachita kafukufuku wotere m'sukulu, ana a zaka 15 ndi 16 oledzerapo m'masiku 30 anali 42 pa 100 aliwonse mu 1998, koma 5 okha mu 2016. Kumeneko zotsatira zimabwezedwa msanga kwa makolo ndi masukulu a dera lililonse, kuti asankhe okha chokonza.