Msilikali amene anapita kunkhondo ndi nyundo

Anthu akamakamba za nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865, pakati pa akumpoto ndi akummwera, amangotchula atsogoleri Lincoln, Grant, Lee basi, koma ine mtima wanga uli pa wosula zitsulo. Ameneyu ntchito ankayamba ali kamnyamata, kuvukuta moto kwa mmisiri wamkulu zaka ndithu asanamulole kugwira nyundo, ndipo m'chipala ankasiyamo kamdima dala kuti aziona mtundu wa chitsulo, chikafika pachikasu ndiye menya, chikayera mbee nkumathetheka ndi nthawi yolumikiza, ukachedwa pang'ono chapsa.

Nde nkhondo itabuka anthu ngati amenewa ankafunika heve. Mizinga, chakudya, ovulala, zonsezi zinkakokedwa ndi mahatchi komanso nyulu, ndipo hatchi yopanda zitsulo kuziboda sichedwa kutsimphina panjira yamiyala. Gulu lililonse la mizinga linkayenda ndi ngolo yake yachipala, momwemo mvukuto, malasha, chosulirapo, misomali. Tangoganizani, anthu ayenda tsiku lonse afika pamsasa akufuna kupuma, iyeyo mpamene akukoleza moto, mwendo wa hatchi waupana pakati pa maondo, msana chiweramire, hatchi yakenso yotopa yamantha yoti itha kumuponda nthawi ina iliyonse.

Chimene chimandikhudza kwambiri nchakuti zitsulo zambiri zomwe ankakhomerazo, makamaka kumbali ya kumpoto, sanali kusula yekha ayi. Zinkachokera ku Troy, New York, kufakitale ya Henry Burden, yemwe makina ake ankatulutsa zitsulo 60 pa mphindi imodzi. Mmisiri uja kwake kunali kungozitenthetsa nkuzikonza kuti zikwane chiboda. Chinthu chodzamulanda ntchito ankachigwira m'manja tsiku lililonse.

Atabwerera kwawo anapezadi kuti misomali, nkhwangwa, mapulawo, anthu ayamba kugula zakufakitale zotchipa, iye watsala wokonza zothyoka ndi kuveka mahatchi, makutu akugontha ndi phokoso la nyundo, mikono zipsera zokhazokha. Lamulo la penshoni la 1890 linathandizako amene anamenyera kumpoto masiku osachepera 90 ndipo sakuthanso kugwira ntchito yamanja, koma akummwera boma lalikulu silinawawerengere, ankangodalira kangachepe ka maboma a kwawo. Pomwe kampani ya Ford imatulutsa galimoto ya Model T mu 1908, mnyamata amene analowa usilikali ali ndi zaka 20 mu 1861 anali nkhalamba ya zaka 67, ndipo zipala zambiri ana awo anangozisandutsa magalaji.