Mkono wa Nelson

Ndili mwana ku Dedza, pa nkhani yopanga galimoto za mawaya ndinalibe mnzanga. Yanga inkakhala ndi chiwongolero chofika pachifuwa, matayala a zitini za polishi, kumbuyo katelala konyamulira mango. Ndipo pa zaka zonsezo sipanapezeke munthu wondiimitsa pamsewu n'kufunsa kuti kodi galimoto imeneyi ndi ya chaka chanji. Ikagudubuzika, basi, ndi galimoto. Nzeru zomwezo ndinakwera nazo ndege, n'kufika nazo ku Portsmouth, ku England, komwe ndimagwira ntchito yausiku yosamalira okalamba.

Loweruka lina tinapita ndi mayi a kunyumba komanso mwana wathu wamkazi kudoko kukaona HMS Victory, sitima yankhondo ya matanga imene Horatio Nelson, mkulu wa asilikali a pamadzi a Angerezi, anaferamo. Inalowa m'madzi mu 1765 ku Chatham, ndipo kuyambira 1922 yakhala pouma pa Portsmouth pompa. M'kati mwake denga ndi lotsika moti ndinagunda mutu katatu, kachitatuko ndikuchenjeza mwana kuti asamale mutu. Bambo wotionetsa malo anatiuza za 21 October 1805 pafupi ndi Cape Trafalgar ku Spain: sitima 27 za Angerezi kulimbana ndi 33 za Afalansa ndi Asipanishi, Victory ili ndi mizinga 104 ndi anthu opitirira 800. Anatilozera kachitsulo kokhomedwa pansi pomwe Nelson anagwera atawomberedwa kuchokera m'sitima ya Afalansa yotchedwa Redoutable. Atamwalira, mtembo wake anauika mu mgolo wa brandy kuti usawonongeke panjira. Mwana wanga pa zonsezo anangogwira za mgolozo, ndipo anazikamba ulendo wonse wobwerera.

Ine ndinatuluka m'menemo mtima uli m'malere. Usiku womwewo ndinapeza pa intaneti munthu wogulitsa bokosi la timatabwa tomangira Victory yaing'ono, yaitali ngati mkono wanga. Mwini wake anali atangolitsegula n'kulitsekanso. Pamenepo ndikanayenera kudzifunsa chifukwa chake. Mtengo umene ndinauza mayi a kunyumba ndi mtengo umene ndinalipira ndi anthu awiri osadziwana, ndipo ndimapemphera kuti asadzakumane.

M'bokosimo munali timatabwa topyapyala ngati timitengo ta machesi, timizinga tonga njere za mpunga, ulusi, ndi kabuku ka malangizo ka m'Chitaliyana. Kabukuko ndinakaponya pamwamba pa firiji. Munthu wa galimoto za mawaya n'kumawerenga malangizo?

Thupi la sitima linanditengera miyezi itatu. Thabwa lililonse umayamba waliviika m'madzi otentha kuti lipindike, ukalikakamiza limangoti khaa! Kenako ndinafika pa mkuwa. Mu 1780 Victory anaikuta kumimba ndi malata a mkuwa okwana 3,923 poteteza matabwa ku nyongolotsi za m'nyanja zimene zimaboola mitengo, anankafumbwe a m'madzi tinene. Ndiye nanenso ndinakhala patebulo la kukhitchini n'kumadula timalata tonga chikhadabo cha mwana, kumata kamodzikamodzi, mizere ikutsatana ngati njerwa. Usiku wina mayi a kunyumba anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali, manja m'chiuno.

"Bambo a mwana, mukupanga chiyani kodi?"

"Ndikukhoma malata."

"Malata. Nyumba ija ya ku Dedza yadutsa dzinja kawiri ili pululu, achimwene anu atopa n'kutumiza zithunzi, inu mukufolera sitima. Kumimba."

Ndinawafotokozera za nyongolotsi zija. Anandifunsa kuti pa shelefu ya pabalaza pali nyanja yanji.

Tsoka loyamba, kapena limene ndinkaliyesa tsoka, linali la penti. Victory ili ndi mizere yakuda ndi yowala mosinthana, ndipo tizitseko ta mizinga n'takuda, moti ukaiona patali imaoneka ngati bolodi la draft. Pa chithunzi cha pabokosi mizere yowalayo inali yachikasu chenicheni, cha njuchi. Penti wanga wachikasu anali wochepa, sitolo zinali zitatseka, ndipo ine ndikafuna chinthu ndimachifuna lero. Ndinathiramo woyera kuti achuluke. Anatuwa. Ndinabako dontho la wofiira mu penti wa kusukulu wa mwana. Usikuwo, pa getsi la kukhitchini, zinkaoneka bwinobwino. Kutacha ndinapeza sitima yanga ili ndi mtundu wa m'kati mwa gwafa wosapsetsa.

"Adadi, sitima yankhondo ya pinki?"

Ndinamuuza kuti adye phala lake.

Kufufuta kunali kosatheka popanda kuwononga tizitseko, choncho ndinangolimba mtima n'kupita pa zingwe. Apa ndiye panali ntchito yotopetsa. Makwerero a zingwe amene amalinyero ankakwerapo popita pamwamba pa milongoti amafunika mfundo pamphambano iliyonse, ndipo mphambanozo n'zosawerengeka. Ndinkamanga ndi kachopanira nsidze ka mayi a kunyumba, lilime lili panja, mpaka maso kuchita chidima. Kusitima yeniyeni sindikanakaonera, poti milongoti yake yapamwamba anaitsitsa mu 2011 kuti akonze. Timikombero tachitsulo tozungulira milongoti ndinatipaka penti wakuda. Chitsulo n'chakuda, ndani sadziwa? Mbendera ndinaikopera pa intaneti, yoyamba imene inatuluka, n'kuisindikiza kuntchito pa nthawi imene abwana anali atagona.

Kunatsala Nelson. M'bokosi munali tianthu tachitsulo tofewa, totalika ngati nyemba, ndipo kamodzi kanali ndi chipewa cha akuluakulu. Koma kanali ndi manja awiri. Apa ndinaseka ndekha, chifukwa ndinkadziwa zimene a fakitale sankadziwa: Nelson anadulidwa mkono wamanja mu 1797 atawomberedwa ndi Asipanishi ku Santa Cruz de Tenerife. Ndinakagwira kakundiyang'ana, ndinaona mbali imene kuli dzanja langa lodyera nsima, ndinatenga chowengera zikhadabo, thwe! Kamkonoko kanalowa m'bini. Mwana anawonjezera ndi cholembera chakuda kachigamba pa diso, poti diso lamanja la Nelson linawonongeka ku Calvi, pa chilumba cha Corsica, mu 1794. Tinakamata kamunthuko pamalo enieni a kachitsulo kaja.

Miyezi khumi ndi umodzi. Ndinajambula zithunzi n'kutumiza pa gulu la WhatsApp la achibale. Malume anayankha kuti mdzukulu wa m'nyanja wabadwa, ngakhale ku Dedza kulibe ndi bwato lomwe. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma ine mbuzi ndinali nditamva kale kuti kagulu ka azibambo opanga tisitima kali ndi chionetsero mu holo ya tchalitchi china.

Ndinakwera nayo basi nditaifungatira ngati keke ya ukwati. Mu holomo munali azigogo okhaokha, ambiri opuma ntchito ya usilikali wa pamadzi, aliyense ali ndi magalasi awiri, ena pamphuno ena pakhosi. Anandilandira bwino, n'kundipatsa tebulo pafupi ndi khomo. Patapita kanthawi kunabwera madala ena aafupi, a ndevu zoyera, galasi lokulitsira zinthu lili m'manja. Anazungulira sitima yanga kawiri osayankhula. Kenako anafunsa funso limene ku Dedza sindinafunsidwepo.

"Ya chaka chanji?"

"Ndi Victory, bwana."

"Ndaona. Ya chaka chanji? Sitima imeneyi anaikonza n'kuisintha kambirimbiri. Ya 1765 ilibe mkuwa, ili ndi makhonde otseguka kumbuyo. Makhondewo anawatseka pokonza cha m'ma 1800 mpaka 1803. Yanu ndi iti?"

Ndinatukula chifuwa. "Ya pa Trafalgar, 1805."

Madala aja anati "Aha," mwa njira imene dokotala amanenera akaona zotsatira za magazi. Anayambira pa mbendera. Anandionetsa kuti yanga ilibe mtanda wofiira wopingasa uja, umene unawonjezedwa mu 1801 Ireland italowa mu mgwirizano ndi Britain. Mbendera yanga inali itatha ntchito zaka zinayi nkhondoyo isanachitike. Ndinati ndi vuto la printer. Sanaseke.

Anakwera pa milongoti. Galasi linaima pa timikombero tanga takuda.

"Awa ndi Afalansa."

"Pepani?"

"Nkhondo isanayambe, Nelson analamula kuti mikombero ya pamilongoti ipakidwe yachikasu, chifukwa ya adani inali yakuda. Mu utsi wa mizinga thupi la sitima silioneka, umangoona milongoti. Mukanalowa nayo chonchi, okuwomberani akanakhala anzanu omwe."

Pofika apa azigogo ena anali atasiya matebulo awo n'kutizungulira. Galasi linatsika pang'onopang'ono mpaka pa Nelson. Linakhala pamenepo nthawi yaitali. Za kachigamba anangonena modutsa kuti Nelson sankavala chigamba, diso lake linkaoneka ngati labwinobwino kungoti silinkaona. Kenako anandipatsa galasi lija.

"Tayang'anani nokha. Mkono umene wasowa ndi uti?"

"Wamanja."

"Wamanja wa ndani?"

Abale, munayamba mwamvapo thukuta likutuluka kumsana m'nyengo yozizira ya ku England? Munthu akakuyang'ana, dzanja lake lamanja limakhala kumanzere kwako. Zimenezi amazidziwa ndi mwana wa sitandade 1. Ine ndinali nditadula Nelson mkono wamanzere, mkono umodzi wokhawo umene Asipanishi anamusiyira. Mu holo munangoti zii. Gogo wina kumbuyo anatsokomola chitsokomolo chija chobisa phwete.

Mwayi wake belu la tiyi linalira, onse n'kukhamukira ku mabisiketi. Munthu wanzeru akanakhala pansi n'kudya bisiketi. Ine ndinaganiza zochita opaleshoni. Chowengera zikhadabo chimakhala ku makiyi anga, kabotolo ka guluu wa super kanali m'thumba. Pulani inali yosavuta: ndidule mkono wamanja, umene uyenera kusowa, ndiumate kuphewa lamanzere. Pa kanthu konga nyemba ndani angaone kuti chala chachikulu chaloza kumbuyo? Ndinaiwala kuti m'chipindamo aliyense ali ndi galasi.

Ndinazula Nelson, ndinaika chowengera, thwe! Kamkono kanauluka. Ndinangomva kuti ti, penapake pansi pa matebulo. Nelson anatsala m'dzanja langa alibe mkono ndi umodzi womwe.

Ndinagwada n'kuyamba kukwawa. Gogo wina anandifunsa chimene ndataya, ndipo poti bodza linali litandithera ndinamuuza zoona. Sanafunse zambiri. Anaika kapu pansi, anagwada movutikira mawondo akulira, n'kuitana anzake. Posakhalitsa anthu asanu ndi mmodzi a zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri anali akukwawa pa kapeti ya tchalitchi ndi magalasi awo, kufunafuna mkono wa Nelson. Mayi wina wogawa tiyi anaima pakhomo, ketulo m'manja, kuyesa kuti talowa m'mapemphero. Amene anaupeza anaukweza m'mwamba ndi kachopanira, ena n'kuwomba m'manja, kenako panafunika anthu awiri omudzutsa iyeyo.

Manja anga ankanjenjemera. Ndinafinya kabotolo ka guluu pang'ono, sikanatulutse. Ndinafinya mwamphamvu. Kanatulutsa zonse. Ndinapanikiza kamkono paphewa, n'kuwerenga mpaka makumi atatu monga amanenera. Nditatsegula dzanja, mkono unali utagwira ndithu, koma pamsana. Ndipo Nelson yense anali atagwira pa chala changa chachikulu, chipewa chili m'mwamba.

Ndi nthawi imeneyi imene madala a ndevu aja anabwerera, limodzi ndi anzawo awiri. Ndinabisa dzanja kumbuyo. Iwo sanayang'ane n'komwe pamene panali Nelson. Analoza mizere yanga ya gwafa.

"Penti ameneyu munamupeza kuti?"

Ndinati basi, lero andimaliza. Ndinayamba kupepesa, koma anandidula mawu. Anati kwa zaka zambiri aliyense ankapaka chikasu cha njuchi chija, mpaka akatswiri anapala penti wa pa sitima yeniyeni, m'munsi mwa mipako yambirimbiri, n'kupeza kuti pa Trafalgar mtundu wake unali wotuwa, wopita ku pinki. Mu 2015 Victory anaipakanso mtundu umenewo, anthu ena n'kukwiya. Ine ndinali nditaiona ndi maso anga sitimayo, koma ndinkayesa kuti penti wangosuluka ndi dzuwa. Iwo akuti anayesa kasanu kusakaniza mtunduwo osaupeza, ndipo mu holo monsemo wolondola unali wanga. Ankafuna muyeso wake: wachikasu wochuluka bwanji, wofiira wamtundu wanji.

Ndinati ndi chinsinsi cha pabanja.

Anagwedeza mutu mwaulemu, n'kutambasula dzanja kuti andipatse moni wa ulemu. Kukana moni wa munthu wamkulu sindinaphunzitsidwe. Ndinatulutsa dzanja langa, lamanzere litagwira pachigongono monga mwa mwambo, ndipo madala anapezeka agwirana chanza ndi ine pamodzi ndi Nelson. Anamuyang'ana. Anatulutsa galasi, n'kuweramira pa chala changa.

"Tsopano ali ndi mkono kumsana," anatero.

Kunyumba ndinafika chakumadzulo, sitima kukhwapa, chala chili chiimire ngati wopempha matola. Mayi a kunyumba sanafunse kanthu. Anatenga mankhwala awo ochotsera penti wa m'zikhadabo, anathira mu kachitsekerero ka botolo, n'kuviikamo chala changa. Tinakhala choncho patebulo, iwo atandigwira pamkono, akundiwerengera mtengo wa malata a mafiti khumi ku Dedza monga achimwene anawatumizira m'mawa womwewo. Patapita mphindi zingapo Nelson anasomphoka, n'kumira chagada pansi pa kachitsekerero, chipewa chokha chikuonekera.

Mwana anasuzumiramo, n'kukuwa mosangalala: "Amami, musamuchotse! Ali mu mgolo wake wa brandy!"