Mmene ndimaphikira nkhuku yokazinga ndi ma waffle kunyumba

Nkhuku yokazinga yodyera limodzi ndi ma waffle, omwe ali ngati zikondamoyo za ufa watirigu zokhala ndi timabowo pamwamba, ndi chakudya cha ku America, ndipo chimadziwika kwambiri pakati pa anthu akuda a m'dzikolo. Ambiri amachitchula pamodzi ndi malo odyera a Wells Supper Club a ku Harlem mumzinda wa New York, amene ankagulitsa chakudyachi kwa anthu otuluka m'malo oimbira jazz usiku kwambiri, pa nthawi imene chakudya chamadzulo chapita kale koma cham'mawa sichinafike. Mu 1975, Herb Hudson, yemwe anachokera ku Harlem komweko, anatsegula Roscoe's House of Chicken and Waffles ku Los Angeles, ndipo kutchuka kwake kunakula. Ine ndinayamba kuchiphika mlamu wanga atandipatsa chitsulo chamagetsi chowotchera ma waffle, chija chili ndi timabowo ta makona anayi mkati mwake, ndipo ndinalephera kawiri ndisanazindikire kuti vuto lalikulu si zosakaniza ayi, koma kuonetsetsa kuti zinthu ziwirizi zifike patebulo nthawi imodzi, zonse zili zotentha ndiponso zouma bwino kunja.

Ntchito ndimaiyamba madzulo a tsiku loyamba. Ndimagula nkhuku yoyera ya pafamu, osati yachikuda, pakuti ngakhale yachikuda imakoma koposa ikaphikidwa ndi msuzi, nyama yake ndi yolimba ndipo singafewe m'mphindi zochepa zimene imakhala m'mafuta. Ndimasankha ntchafu ndi miyendo, zidutswa 8, chifukwa chidali sichichedwa kuuma. Anthu a ku America amaviika nkhuku mu mkaka wosasa umene amautcha buttermilk, ndipo kwathu kuno chambiko chimagwira ntchito yomweyo mosasiyana. M'makapu 2 a chambiko ndimathiramo masupuni aang'ono 2 a mchere, adyo wosinja, paprika ndi tsabola pang'ono, kenaka ndimamiza nkhuku yonse, n'kuvundikira, n'kuika mufiriji usiku wonse. Kusasa kwa chambiko kumafewetsa nyama, mchere umalowa mpaka pafupi ndi fupa, ndipo kukhuthala kwake n'kumene kumachititsa kuti ufa udzamatirire mawa lake.

Kukacha ndimatulutsa nkhuku mufiriji kutatsala mphindi 30 kuti ndiyambe kukazinga, chifukwa nyama yozizira kwambiri imaziziritsa mafuta. Ndimasakaniza makapu 2 a ufa watirigu ndi theka la kapu ya cornflour (ufa wosalala wa sitachi ya chimanga), mchere, paprika ndi tsabola wakuda. Muufamo ndimadonthezeramo masupuni awiri kapena atatu a chambiko chija n'kufikisa ndi zala kuti mupangike timibulu, pakuti timibulu timeneti ndi timene timadzakhala chikhokho chokoma pamwamba pa nyama. Chidutswa chilichonse ndimachikanikiza muufa mbali zonse, kenaka ndimachisiya kwa mphindi 15 kuti ufa unyowe ndi kugwira. Ulendo woyamba sindinadikire, ndipo ufa wambiri unayoyokera m'mafuta n'kupserera pansi pa poto.

Pa mafuta ndi pamene pamafunika chidwi chonse. Ndimagwiritsa ntchito poto wolemera wa pansi pochindikala, ndipo mafuta sapitirira theka la potoyo, chifukwa amatumphuka nkhuku ikangolowa. Kutentha koyenera ndi madigiri 175. Pamene ndinalibe choyezera kutentha ndinkaponyamo kaufa pang'ono: kakamira mwakachetechete ndiye kuti mafuta sanatenthe, kakada msanga ndiye kuti atenthetsa, koma kakayandama n'kumachita thovu mozungulira ndiye kuti afika pake. Kulephera kwanga kwachiwiri kunali komweku. Ndinakoleza moto waukulu monga ndimachitira pokazinga tchipisi, nkhuku inafiira mokongola m'mphindi zisanu zokha, koma titaidula patebulo tinapeza magazi pafupa. Tsopano ndimaika zidutswa zitatu kapena zinayi zokha pa ulendo umodzi, ndimachepetsa moto pang'ono zikangoyamba kufiira, ndimatembenuza kamodzi kapena kawiri, ndipo zimatenga mphindi 12 mpaka 15. Nkhuku yapsa ngati mkati mwake mwafika madigiri 74, kapena ngati mwabaya pafupi ndi fupa n'kutuluka madzi oyera opanda kufiira. Ulendo wina usanayambe ndimadikira kuti mafuta atenthenso.

Nkhuku yopsa sindiisanjika m'mbale ndipo sindiivundikira, pakuti nthunzi imafewetsa chikhokho chonse chimene ndavutikira. Ndimaiyala pawaya wa muuvuni, pansi pake n'kuikapo thireyi, ndipo uvuniyo imakhala pa madigiri 100 okha. Ikakhala pamenepo imatha kudikira theka la ola osawonongeka, pamene waffle sadikira ngakhale pang'ono, n'chifukwa chake ndimamalizira ma waffle.

Zosakaniza zake ndimakhala nditayeza kale nkhuku isanalowe m'mafuta. M'mbale imodzi mumakhala makapu 2 a ufa watirigu, supuni yaikulu imodzi ya baking powder, supuni yaikulu imodzi ya shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Shuga ndimaika wochepa dala, popeza kutsekemera kudzachokera ku zothira pamwamba. M'mbale ina mumakhala kapu imodzi ndi theka ya mkaka, magalamu 100 a batala wosungunula ndi mbali yachikasu ya mazira 2. Za m'mbale ziwirizi ndimaziphatikiza kukhala phala, koma mbali yoyera ya mazirawo ndimaimenya payokha mpaka itasanduka thovu loima, ndipo ndimaiphatikiza pomaliza mofatsa, ndi supuni, kuti mpweya usatuluke. Ena amaona kuti kumenya mazira padera n'kudzivutitsa chabe, koma ine ndinayesa njira zonse ziwiri ndipo waffle wa thovu amapepuka moonekeratu. Phalali silifuna kutakasa ngati la mandasi, ndipo mibulu ingapo ikatsala palibe vuto. Mukalitakasa kwambiri waffle amatuluka wotanuka ngati mphira.

Chitsulo chiyenera kutentha bwino kaye, kenaka ndimachipaka mafuta pang'ono, n'kuthira phala pakati osadzaza mpaka m'mphepete, chifukwa limafufuma n'kusefukira. Ndikatseka sinditsegula kufikira nthunzi yotuluka m'mbali itachepa kwambiri, zomwe pa chitsulo changa zimatenga mphindi 4 kapena 5. Mukatsegula msanga waffle amang'ambika pakati, theka kumtunda theka kumunsi, ndipo kupala zotsalira m'timabowo timene tija ndi ntchito yotopetsa. Aliyense akapsa ndimamuika pawaya womwe uja pambali pa nkhuku, osasanjikiza.

Ku America amathira batala ndi maple syrup, madzi otsekemera ochokera ku mitengo ya maple, amene ambiri amapangidwa ku Quebec m'dziko la Canada. Kuno ndi odula ndiponso osowa, choncho ine ndimatenthetsa uchi pang'ono ndi batala ndi tsabola wa kambuzi mmodzi wodulidwa, n'kusefa. Waffle amakhala pansi, nkhuku pamwamba, ndipo uchi ndimauika m'kapu pambali kuti aliyense adzithirire yekha pamene wakhala kale pansi. Bambo anga, amene sankakhulupirira kuti nkhuku ingadyedwe ndi chinthu chotsekemera, anayamba ndi kudya nyama yokha, waffle n'kumusungira tiyi, ndipo uchiwo anauthira pa chidutswa chachiwiri.