Hatchi ya mfumu inandipisa m'thumba

Suti ija ndinaigulira tsiku limodzi lokha, loti mwana wanga wamkazi alandire digiri yake ku London. Mwambowo unali Lachisanu. Lachinayi mkamwini anati tikaone mzinda, ine n'kunena kuti sutiyo iyambiretu kuzolowera mphepo ya kumeneko. Mayi akunyumba anakana, koma munthu wamkulu ungakaonekere kwa asilikali a mfumu utavala juzi?

Tinafika mu msewu wa Whitehall cha m'ma 3 koloko masana. Pachipata cha nyumba yotchedwa Horse Guards pali tizipinda tiwiri tamiyala, kena uku kena uku, ndipo pakhomo pa kalikonse paima hatchi yakuda bii. Pamsana pake msilikali, lupanga m'manja, jombo zopitirira mawondo, chisoti chonyezimira chokhala ndi mchira wolendewera. Munthu ali duu, ngakhale kuphethira ayi.

Mkamwini wanga ndi mwana waulemu, koma akayamba za mbiri sapuma. Anati ovala zofiira ndi a Life Guards, omwe chiyambi chawo ndi anthu amene anathawira kunja pamodzi ndi Charles II n'kubwerera naye mu 1660 pomwe ankalowa ufumu. Ovala zabuluu ndi a Blues and Royals, gulu lomwe linapangidwa mu 1969 pophatikiza magulu awiri akale. Kenako analoza tsidya la msewu, pa Banqueting House, nati pamenepo mpamene Charles I, bambo wake wa mfumu ija, anadulidwira mutu mu 1649. Ndipo limodzi mwa magulu amene anabala abuluuwa linayamba ngati asilikali a Cromwell, mmodzi mwa anthu omwe anasayina kuti mutuwo udulidwe. Ndinati chamumtima, kani zosintha chipani sizinayambire kwathu.

Pakhoma pali chikwangwani chochenjeza kuti mahatchiwa amatha kuluma kapena kuponda munthu. Ndinachiwerenga bwinobwino, ndi magalasi omwe.

"Adadi, musayandikire kwambiri," anatero mwana wanga.

"Iwe, ine ndinayendetsa ngolo ya abulu ku Dedza usanabadwe. Chinyama chimadziwa munthu wochidziwa."

Ndinaima pambali pa hatchi, chifuwa patsogolo, manja kumbuyo, kuti chithunzi chikafika kumudzi anthu adziwe kuti tinayenda. M'thumba la jekete munali kajumbo ka mtedza wokazinga wothira mchere, womwe ndinkatafuna m'sitima yapansi panthaka ija. Ndinamva kampweya kofunda m'khosi. Ndinamwetulira, poganiza kuti yandizindikira. Mpweya uja unatsika paphewa, n'kutsikabe, kenako gwi!

Abale, bulu amaluma, koma amayamba wakuchenjeza ndi makutu. Iyi inangogwira thumba mwaulemu wake, osapupuluma. Ine kukoka, iyo kukoka. Ndinayesa kuikalipira monga tinkachitira ndi abulu, koma sinagwedezeke n'komwe. Kenako kweee! thumba lonse linatsala kukamwa kwake, nsalu yam'kati ili lende mpaka m'chiuno, mtedza uli mbwee pansi. Msilikali anafuula kamodzi kokha kuti ndichoke pafupi, mawu ake ochokera pansi pa mimba, moti ndinalumphira kumbuyo osayang'ana. Hatchi ikaima malo amodzi kwa ola lathunthu imasiya zake pansi. Nsapato yanga yakumanja inatera pomwepo, fwa.

Nkhunda zinafika mtedza usanathe n'kugubuduka komwe. Alendo a mitundu yonse anasiya kujambula msilikali n'kutembenuzira mafoni kwa ine. Poti ndinaleredwa bwino, ndinavula chipewa, n'kuwomba m'manja pang'ono, "Pepani bwana, pepani ndithu." Bwanayo maso ali patsogolo. Hatchi ikutafuna.

Ine ndinkafuna kubwerera kunyumba, koma mkamwini anati sitingachoke 4 koloko isanakwane, pali mwambo wofunika. Tinalowa m'bwalo lam'kati, ine kumbuyo kwenikweni, chipewa chitaphimba pong'ambika, phazi ndikulikhula mozemba pamiyala. Anthu oyandikana nane ankasuntha mmodzimmodzi. Asilikali anafola pamzere, mkulu wawo n'kuyamba kuwayendera, kuyang'ana aliyense kuyambira kuchisoti mpaka kujombo. Mkamwini, amene sanaone kuti apongozi ake ali pamavuto, anapitiriza phunziro monong'ona. Akuti mu 1894 Mfumukazi Victoria anapeza alonda onse akumwa mowa ndi kutchova juga masanasana, ndiye analamula kuti aziyenderedwa tsiku lililonse 4 koloko kwa zaka 100. Zakazo zinatha mu 1994, koma Mfumukazi Elizabeth II anafuna kuti mwambowo upitirire. Taganizani, anyamata amene agogo awo anali asanabadwe n'komwe mowawo ukumwedwa, mpaka lero akufolerabe.

Mayi akunyumba, omwe chiyambire ngoziyo anali asanatulutse liwu, anandikodola ndi chigongono.

"Mwamva, bambo? Zaka 100. Zanu zayamba lero."

Sananame. Mpaka pano tikamatuluka, kaya tikupita kutchalitchi kaya kumaliro, amandiimitsa pakhomo n'kundipisa m'matumba onse, ngakhale lakumbuyo kwa thalauza.