Kuwerenga deti la Amaya: chitsanzo cha tsiku limene mfumu Pakal inamwalira

M'mphepete mwa chimwala chovundikira manda a K'inich Janaab' Pakal, mfumu ya mzinda wa Palenque ku Mexico, analembapo kuti anabadwa pa 8 Ajaw 13 Pop ndipo anamwalira pa 6 Etz'nab 11 Yax. Mayina amenewa angaoneke ngati mawu achinsinsi a ansembe, koma ndi masamu wamba. Aliyense wodziwa kuchulukitsa ndi kugawa angathe kuwatsimikizira yekha, pensulo ili m'manja.

Amaya, mtundu wa anthu a ku Mexico ndi Guatemala umene Pakal anali mmodzi wa iwo, ankayendetsa mawerengedwe atatu nthawi imodzi. Oyamba ndi a masiku 260, amene akatswiri amawatcha Tzolk'in. Nambala zoyambira 1 kulekeza 13 zimayenda limodzi ndi mayina 20 a masiku, ndipo zonse ziwiri zimasuntha tsiku lililonse: 1 Imix, 2 Ik', 3 Ak'bal. Apa ndi pamene ongoyamba kumene amagwa chagada, chifukwa amayembekeza kuti 1 Imix atsatidwa ndi 2 Imix ngati mmene masiku a mwezi amayendera. Sizitero. Nambala ikafika pa 13 imabwerera pa 1, koma mayina amapitirira mpaka la nambala 20, lomwe ndi Ajaw. Kalendala imeneyi ndiyo inali ya chipembedzo. Tsiku lililonse linali ndi mulungu wake ndi khalidwe lake, ndipo ansembe ankayang'anamo posankha tsiku lodzala, lokwatitsa, lopita kunkhondo kapena lolonga mfumu ufumu.

Achiwiri ndi Haab', chaka cha masiku 365: miyezi 18 ya masiku 20, kuwonjezera masiku 5 otsalira otchedwa Wayeb, amene anthu ankawaopa kuti ndi atsoka. Mwezi sunkayamba ndi 1. Tsiku loyamba ankati ndi tsiku limene mweziwo "wakhala pampando", ndipo ife timalilemba 0, choncho mwezi umathera pa 19. Woyiwala zimenezi amaphonya ndi tsiku limodzi. Komanso sankawonjezera tsiku pa zaka zinayi zilizonse, ndiye miyezi inkasendera pang'onopang'ono n'kusiya nyengo yake.

Mukalumikiza awiriwa mumapeza deti ngati 6 Etz'nab 11 Yax, limene limabweranso pakatha masiku 18,980, kutanthauza zaka 52 za Haab'. Pa moyo wa munthu mmodzi n'zokwanira. Pa mbiri ya ufumu n'zosokoneza, poti deti lomwelo lingapezeke kawiri m'zaka 100.

N'chifukwa chake panali mawerengedwe achitatu, owerenga masiku onse kuchokera pa tsiku limene dziko lino linalengedwa malinga ndi chikhulupiriro chawo. Tsikulo ndi 4 Ajaw 8 Kumk'u, lomwe ndi 11 Ogasiti 3114 Yesu asanabadwe. Miyezo yake ndi isanu: k'in ndi tsiku limodzi, winal ndi masiku 20, tun ndi 360, k'atun ndi 7,200, b'ak'tun ndi 144,000. Taonani bwino pa tun. Paliponse amachulukitsa ndi 20, koma pamenepa amachulukitsa ndi 18 kuti zifupikire ku chaka. Wochulukitsa ndi 20 apeza 400, ndipo zonse zam'mwamba zipotoka. Mukaonanso 18 kapena 19 pamalo a winal, dziwani kuti wokopera walakwitsa. Pamwalapo, kadontho ndi 1, kamzere ndi 5, ndipo ziro ali ndi chizindikiro chakechake, chimene m'mabuku awo chimaoneka ngati chigoba cha nkhono.

Tsopano imfa ya Pakal, imene akatswiri amailemba 9.12.11.5.18, kuyambira pa b'ak'tun kutsikira pa k'in. Chulukitsani 9 ndi 144,000, mupeza 1,296,000. Kenako 12 ndi 7,200 ndi 86,400. 11 ndi 360 ndi 3,960. 5 ndi 20 ndi 100. Ndi 18 wotsiriza uja. Zonse pamodzi ndi masiku 1,386,478.

Pa Tzolk'in, gawani nambalayi ndi 13. Patsala 2. Wonjezerani pa 4 wa tsiku lachilengedwe lija, mwapeza 6. Dzina la tsiku silifuna masamu: k'in akakhala 0 ndi Ajaw, akakhala 18 ndi dzina la nambala 18, Etz'nab. Pa Haab', gawani ndi 365, patsala 208. Tsiku la 8 Kumk'u lili pa malo a 348 m'chaka, poti patsogolo pake pali miyezi 17 ya masiku 20. Kuphatikiza 348 ndi 208 ndi 556. Chotsanipo 365, patsala 191. Imeneyi ndi miyezi 9 yathunthu ndi masiku 11, ndipo mwezi wachikhumi ndi Yax. Ndendende ndi zimene zili pamwala. M'kalendala yathu ndi mu Ogasiti 683.

Kubadwa kwake ndi 9.8.9.13.0, masiku 1,357,100. Mukachotsera, mupeza masiku 29,378, zaka 80 ndi miyezi ingapo. Katswiri wofukula zakale, Alberto Ruz, atatsegula mandawo mu 1952, oyeza mafupa oyamba anati anali a munthu wazaka za m'ma 40, ndipo mkangano unatenga zaka. Oyeza pambuyo pake anagwirizana ndi zolembedwa.

Pali njira yachidule yogwirira cholakwa. Pogawa 365 ndi 20 patsala 5, choncho dzina lililonse limangogwera pa nambala zinayi za mwezi. Ajaw amakumana ndi 3, 8, 13 ndi 18 basi. Etz'nab ndi 1, 6, 11 ndi 16. Pa miyala ya ku Palenque ya m'nthawi ya Pakal, deti ngati 4 Ajaw 7 Kumk'u silingakhaleko.

Posandutsa madetiwa kukhala athu, pamafunika nambala yolumikiza makalendala awiriwa; ambiri amagwiritsa ntchito 584,283, ena 584,285, ndipo kusiyana kwa masiku awiri kumene mumaona m'mabuku kumachokera pamenepo. Kusiyana kwina kumabwera pamene wina walemba mu kalendala ya Julian, wina ya Gregorian, osanena.

Za 21 Disembala 2012 zija, pamene ambiri anagona khutu lili kunja poopa kutha kwa dziko, zinali chabe kukwana kwa b'ak'tun 13, pa 4 Ajaw 3 K'ank'in. Alembi a ku Palenque komweko analemba za tsiku lokumbukira ufumu wa Pakal lomwe lidzafike mu 4772. Anthu oyembekeza chimaliziro sakonza chikumbutso chakutali chonchi.

Amene ankaopadi kutha kwa dziko ndi Aaziteki, mtundu wina wa ku Mexico, ndipo ankaopa pa zaka 52 zilizonse. Iwo anali ndi masiku 260 ndi 365 omwewa m'mayina a chilankhulo cha Nahuatl, koma analibe mawerengedwe aatali aja. Zaka 52 zikakwana ankazimitsa moto paliponse, kuswa miphika, n'kudikira usiku. Ansembe ankakwera phiri la Huixachtlan kukayang'ana nyenyezi za Pleiades. Zikadutsa pamutu pakati pa usiku, ankapeka moto watsopano pachifuwa cha munthu woperekedwa nsembe, ndipo othamanga ankaugawa m'makachisi ndi m'makomo. Mwambowu unachitika komaliza mu 1507. Ainka a ku Peru musawasakanize m'zimenezi: iwo ankatsata dzuwa ndi mwezi, ndipo nambala ankazisunga pa mfundo za zingwe zotchedwa khipu.

Mawerengedwe aatali analeka kusemedwa pamiyala cha m'ma 909, chaka chimene chili pa mwala wa ku Toniná, mzinda wina wa Amaya. Mabuku ambiri a Amaya anawotchedwa, ena mwa lamulo la wansembe wa ku Spain, Diego de Landa, m'tawuni ya Maní mu 1562, ndipo atsala anayi okha. Koma masiku 260 aja akuwerengedwabe m'mapiri a Guatemala. Ku Momostenango, osunga masiku a mtundu wa K'iche', otchedwa ajq'ij, amalandira ophunzira atsopano pa tsiku la 8 B'atz'.