Zikomo adala a pa Chinkhoma

Abale ndiloleni ndithokoze pagulu. Ka Canter kanga kakale kaja kandizunza miyezi isanu, oyilo kumangodontha pakati pa injini ndi giyabokosi, paliponse ndagona m'mawa ndimapeza chithaphwi chakuda pansi. Oil seal (kalabala kotchinga oyilo) ya kumbuyo kwa crankshaft, chitsulo chozungulira cha mu injini, tinasintha kawiri, kawiri konseko kutsitsa giyabokosi, klatchi ndi flywheel, ndalama kumangopita koma pakatha sabata wayambanso kudontha.

Tsiku lina ndikupita ndi mabelo a fodya ku Chinkhoma klatchi inayamba kuterereka poti oyilo anali atanyowetsa pleti, ndinaima m'mbali mwa M1 mutu utaima. Kunatulukira adala ena pa njinga, ovolosi yothimbirira, akuti anali amakaniko ku esiteti kalekale. Sanathamangire seal ayi, anayamba avula paipi ya breather yotulutsira mpweya mu injini, yotsekeka ndi phala la oyilo wakale, akuti mpweya ukasowa potulukira umakankha oyilo pa seal ngakhale ikhale yatsopano bwanji. Mawa lake titatsitsa zonse anandiuza ndiyendetse chikhadabo pa crankshaft, kamzere kodyeka kakumveka ndithu! Anavekapo ka sleeve, kachitsulo kopyapyala kophimba kamzereko, seal n'kuimenya pang'onopang'ono ndi thabwa kuti ilowe mofanana.

Pano masabata atatu pansi pali gwaa. Bambo, dzina munakana kuti ndilembe koma Mulungu akudalitseni. Anyamata a kabaza munatithandiza kunyamula giyabokosi, ndi inu mayi munatiphikira nsima ya nkhwani wotendera usiku uja, zikomo kwambiri. Loweruka ndikubwera ndi nkhuku.