Mmene ndinalowetsera mwana m'kampira kagalasi ka Khirisimasi

Chithunzi choyamba ndinachifufuta ndisanaonetse munthu aliyense. Mwana wa mchemwali wanga, wazaka 4, ankaoneka ngati ndamumata ndi ulimbo kunja kwa galasi, pamene ine ndinkafuna aoneke ali m'kati mwa snow globe, kampira kaja kodzaza madzi kamene ukakagwedeza timibulu toyera timagwa pang'onopang'ono ngati sinowo.

Ndinayambiranso. Kampirako ndinakaika pansalu yakuda, timagetsi ta Khirisimasi ndinatikoleka kumbuyo pamtunda wa mamita awiri, kamera ndinaitchera pa f/2.8 (kutsegula kwambiri bowo la lenzi) kuti timagetsito tisanduke madontho ofewa. Vuto la galasi lobulungira ndi loti limaonetsa chipinda chonse, ndipo ineyo ndinatulukamo bwinobwino, kamera kumaso. Ndinazimitsa magetsi a m'chipinda, n'kubisala kuseri kwa nsalu ina yakuda yomwe ndinaiboola kabowo ka lenzi. Kuwala ndinasiya kwa pawindo lakumanzere kokha.

Apa ndi pamene ndinaphonya poyamba paja. Kampira kanawalitsidwa kuchokera kumanzere, mwana kuchokera kumanja, ndipo diso la munthu limazindikira bodza lotere msangamsanga. Ulendo uno ndinamuimika pakhoma loyera, windo lili kumanzere komweko, thupi lonse likuoneka mpaka nsapato. Ndinagwada kuti kamera ifanane ndi chifuwa chake, monga ndinachitira ndi kampira kaja. Kuti aime phee, imeneyo ndi nkhani ina. Ndinangomuuza kuti atambasule manja ngati akuwakha chinachake chogwa kumwamba.

Mu Photoshop, pulogalamu yokonzera zithunzi pakompyuta, ndinadula mwanayo pachithunzi chake, n'kumuchepetsa, n'kumuimika pambali pa kamtengo ka m'kampiramo. Madzi a m'galasi lobulungira amakuza zinthu ngati lenzi. Erwin Perzy wa ku Vienna, amene anatchukitsa timipirati cha m'ma 1900, anatitulukira akuyesa kuwonjezera kuwala kwa babu pogwiritsa ntchito galasi la madzi lomweli. Choncho munthu wam'katimo ayenera kutukumuka pang'ono. Ndinasankha malo ozungulira kampira konse, n'kuika Spherize, chida chotukumula chithunzi, pa 30. Nditayesa 100, mutu wa mwana unafufuma moseketsa.

Kenaka chimene chinasintha zonse: ndinakopera layer ya kampira (layer ndi chithunzi chimodzi mwa zithunzi zosanjikizana), n'kuiika pamwamba pa mwana, n'kuisintha kukhala Screen, njira yosanjikiza imene imangoonetsa zowala. Zakuda zinasowa, kunyezimira kwa galasi kunadutsa kutsogolo kwa nkhope yake, ndipo pompo anaoneka kuti alidi m'kati. Pansi pa nsapato ndinapakapo kamthunzi ndi burashi yofewa, apo ayi akanaoneka ngati akuyandama.

Sinowo sanandivute. Layer yakuda, Add Noise yothira timadontho, Gaussian Blur pang'ono yotifewetsa, Levels kuti madontho atalikirane, kenaka Screen. Ndinapanga ziwiri, ya timadontho ting'onoting'ono kumbuyo kwake ndi ya madontho akuluakulu osaoneka bwino kutsogolo, zonse zotsekeredwa ndi mask, chophimba chobisa mbali zosafunika, kuti sinowo asatayikire kunja kwa galasi. Anthu ambiri amathira sinowo wochuluka mpaka nkhope kukwiririka. Ine ndinafufuta dontho lililonse logwera pamaso ndi pakamwa.

Mwanayo atachiona anayang'anitsitsa kwa kanthawi, akugogoda sikirini ndi chala, kenaka anafunsa kuti, "Nanga amalume, munanditulutsa bwanji?"